Njinga yamoto yogona panja: bwanji ikuchita dzimbiri pamene ndimaiphimba?

Funso: Ndili ndi njinga yamoto koma ndilibe galaja ngakhale khonde loti n'kuimikapo, ndiye imagona panja. Ndinayamba kuiphimba ndi chipulasitiki chochindikala, n'kumachimanga ndi chingwe mpaka pansi kuti mvula isalowe. Chondidabwitsa n'chakuti tcheni ndi mabawuti zayamba dzimbiri, mpando wachita chuku, pamene njinga ya mnzanga, yomwe saiphimba n'komwe, ikuoneka bwinoko. Kodi ndisiye kuphimba? Komanso posachedwa ndichokapo miyezi itatu, ndiye ndiisiye bwanji?

Yankho: Kuphimbako musasiye, bambo, koma chipulasitikicho chipume pa ntchito imeneyi. Madzi amene akuwononga njinga yanu si a mvula ayi. Ndi madzi amene mukuwatsekera nokha m'kati mukamamanga chingwe chija.

Zimachitika motere. Mpweya nthawi zonse umakhala ndi nthunzi ya madzi, ndipo wotentha umanyamula yambiri kuposa wozizira. Pa madigiri 30, kiyubiki mita imodzi ya mpweya (wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse) imatha kusunga madzi okwana magalamu pafupifupi 30, koma ukazizira kufika pa madigiri 10 umangosunga magalamu 9 basi. Otsalawo ayenera kupeza pokhala, ndipo amakhala pa chinthu chozizira chomwe ali nacho pafupi. Masana dzuwa likawomba chipulasitiki chanu, m'kati mumatentha ndipo chinyezi chimakwera kuchokera m'nthaka n'kudzaza m'menemo. Usiku chipulasitiki chimazizira, zitsulo nazo zimazizira, nthunzi ija imasanduka mame pa thanki, pa tcheni, pa mabawuti ndi pa mawaya. Kukacha dzuwa limatenthanso, madzi aja amakweranso, koma potulukira palibe poti mwamanga mpaka pansi. Madzi omwewo amangozungulira, kunyowetsa njinga usiku uliwonse ngakhale kunja kutatha sabata osagwa dontho. Mawa m'mamawa dzuwa lisanatuluke kalowetseni dzanja m'kati mwa chipulasitikicho, mukapeza chikuchucha.

Dzimbiri limafuna zinthu ziwiri, madzi ndi mpweya, ndipo chimene limakonda kwambiri ndi nthawi. Chitsulo chonyowa kwa ola limodzi kenaka n'kuuma sichiwonongeka ngati chitsulo chokhala chonyowerera maola khumi tsiku ndi tsiku. Apa mpamene mnzanuyo akukuposani: njinga yake imavumbwa ndithu, koma mvula ikakata mphepo ndi dzuwa zimaiumitsa msanga. Yanu siuma.

Komabe musamusirire kwambiri. Zimene dzuwa likuchita pa njinga yake sizioneka mwezi umodzi, zimadzaoneka patapita chaka kapena ziwiri, ndipo zikaoneka sizibwerera. Kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso, kotchedwa UV, kumaphwanya pulasitiki ndi labala pang'onopang'ono. Chikopa cha mpando chimauma n'kung'aluka, madzi amalowa m'siponji ndipo munthu amanyowa thalauza ngakhale tsiku lopanda mvula. Penti amasuluka, makamaka wofiira. Mapulasitiki akuda amatuwa n'kuyamba kuthyoka msanga, galasi la sipidomita limachita chimbuuzi, matayala amachita timing'alu m'mbali. Onjezanipo zitosi za mbalame, zomwe zimadya penti zikaumira padzuwa, utomoni wa mitengo, fumbi lolowa m'maswitchi, ndi mvula yolowa pabowo la kiyi ndi m'makebulo a kilatchi ndi oonjezera moto. Zonsezi chophimbira chabwino chimaletsa. Ine ndimaona kuti ntchito yaikulu ya chophimbira ndi kutchinga dzuwa ndi zonyansa. Kutchinga mvula ndi ntchito yachiwiri, pakuti njinga yamoto inapangidwa kuti iziyenda pamvula.

Tsono chophimbira chabwino ndi chotani? Choyamba kuyang'ana ndi mazenera otulutsira mpweya. Amakhala m'mwamba, kawirikawiri chakumahandulo, ndipo amakhala ndi kachivindikiro kansalu koyang'ana pansi kuti mvula isalowe koma nthunzi izituluka. Mpweya wotentha umakwera n'kutulukira pamenepo, wouma umalowera kunsi. Chophimbira chopanda mazenera amenewa, ngakhale chikhale chokongola bwanji, ndi chipulasitiki chanu chomwecho chongosokedwa bwino. Mukaona papaketi atalemba kuti sichilowa madzi ngakhale pang'ono, funsani kuti nanga a m'kati amatulukira pati.

Zambiri zimapangidwa ndi nsalu ya poliyesita yomatidwa pulasitiki wopyapyala wotchedwa polyurethane mbali imodzi. Papaketi mudzaona nambala yokhala ndi D kumapeto, monga 150D, 210D, 300D kapena 600D. Imeneyi ndi denier, muyeso wa kukula kwa ulusi: nambala ikakwera, ulusi ndi wonenepa ndipo nsalu ndi yolemera ndi yolimba. Siinena za kusalowa madzi, anthu ambiri amasokoneza pamenepa. Kwa njinga yogona panja chaka chonse, ine ndingayambire pa 300D kupita m'mwamba. Zopyapyala zija zimene zimapindika n'kukwana m'thumba la jekete n'zabwino paulendo kapena kutchingira fumbi m'nyumba, koma padzuwa ndi mphepo ya tsiku ndi tsiku sizichedwa kufumbutuka. Poliyesita amapirira dzuwa kuposa nayiloni, ndiye mukakhala ndi mwayi wosankha pakati pa ziwirizi, tengani poliyesita.

Chophimbiracho chitembenuzeni muone misoko. Pamene singano inadutsa pali timabowo, ndipo chophimbira chodontha chimayambira pamenepo. Chabwino chimakhala ndi tepi yomatidwa pamwamba pa misoko m'kati. Muonenso ngati chili ndi nsalu yofewa pamene chimakhudza thanki ndi galasi lakutsogolo, lasitiki m'mphepete, ndi lamba wodutsa pansi pa injini. Za mtundu, chotuwira kapena chasiliva chimabweza dzuwa ndipo m'kati simutentha ngati mwa chakuda. Kumalo otentha kusiyana kwake n'kwakukulu ndithu, kumalo ozizira musavutike nazo.

Saizi ndiye muyeze, musangoganizira. Yezani kuchokera kutsogolo kwa tayala lakutsogolo mpaka kumapeto kwenikweni kumbuyo, kutalika kuchokera pansi kufika pamwamba pa magalasi, ndi kutambalala kwa mahandulo. Ngati munaika bokosi kumbuyo kapena keliyala yaitali, muwerengere. Chothina chimang'ambikira pa magalasi ndi pa maliva. Chachikulu kwambiri chimakupiza pamphepo, chimakhwekhwereza pansi, ndipo chimachita matumba osunga madzi a mvula. Chokwana bwino chimafika chapakati pa matayala kapena kutsikirako pang'ono, n'kusiya mpata woti mpweya uzidutsa pansi. Mpata umene inu mumautseka ndi chingwe uja ndi wofunika.

Koma ngakhale mutagula chapamwamba kwambiri, dzimbiri lidzabweranso mukapanda kusintha kaphimbidwe. Pali zinthu zitatu zimene njinga iyenera kukhala isanaphimbidwe: yozizira, youma ndi yoyera, ndipo pa zitatuzi chimene anthu amalakwitsa msanga ndi kutentha. Paipi ya ekizosi pafupi ndi injini imatha kupitirira madigiri 300 njinga ikamayenda. Pulasitiki wamba wa polyethylene amasungunuka pa madigiri apakati pa 110 ndi 130, poliyesita pafupifupi 250. Ikakhudza, nsalu imabooka n'kumatirira pa ekizosi, ndipo chibanga chake pa chitsulo chonyezimira n'chovuta kuchotsa. Zophimbira zina zili ndi chigamba chopirira kutentha m'munsi, koma chigambacho n'chothandiza pa ekizosi yofunda, osati yongozimitsa kumene. Dikirani mphindi 20 kapena 30, ndipo muyeso wabwino ndi dzanja: ngati simungathe kuligwiritsa pa saelensa, nthawi siinakwane. Lowani m'nyumba, vulani chipewa, chitani zina, mubwerenso. Vuto ndi lakuti ambiri akalowa m'nyumba satulukanso, ndiye amaona kuti bola kuphimbiratu. Kuisiya usiku umodzi yosaphimba n'kwabwino kuposa kuiphimba ikutentha.

Za kuuma, mafunso amachuluka: nanga ndikafika kunyumba mvula ikugwa? Ngati mawa muyendanso, isiyeni yosaphimba kapena iphimbeni podziwa kuti m'mawa muvundukula. Usiku umodzi supha njinga. Chimene chimapha ndi kuiphimba yonyowa Lachisanu n'kudzavundukula Lachisanu linzake. Mvula ikakata, tengani kansanza mupukute thanki, mpando, mafoloko ndi pamaswitchi, muisiye ipitidwe mphepo, kenaka muphimbe. Ndipo ngakhale simukuyenda, tsiku lililonse limene kwacha bwino pambuyo pa mvula, vundukulani kwa ola limodzi kapena awiri, chophimbiracho muchiyanike motembenuza. Chizolowezi chimenechi chokha chimachita zambiri kuposa kusiyana kwa chophimbira chotchipa ndi chodula.

Kuyera nako kuli ndi chifukwa chake. Fumbi ndi timiyala ting'onoting'ono. Likakhala pakati pa penti ndi nsalu, mphepo n'kumagwedeza nsaluyo usiku wonse, limapala penti. Mudzaona thanki yachita mbuu pamwamba ndi m'makona, galasi lakutsogolo lakalikakalika. Matope ndiye oipa kawiri, chifukwa amasunga chinyezi pachitsulo. Sindikunena kuti muzitsuka njinga tsiku lililonse, koma musamaphimbe yamatope, ndipo m'kati mwa chophimbira musamagwetse pansi pochotsa. Chipindeni mbali yam'kati ikhale m'kati. Amene amakhala pafupi ndi nyanja yamchere, kapena kumene amathira mchere m'misewu nyengo yachisanu, azitsuka ndi madzi ozizira pafupipafupi, pakuti mchere umakoka chinyezi ndi kufulumizitsa dzimbiri koopsa.

Ndiye pali mphepo, imene ambiri saiganizira mpaka atapeza njinga ili gone m'mawa. Njinga yosaphimba mphepo imadutsa m'mipata yake, koma yophimbidwa imasanduka ngati thanga la ngalawa. Pa sitandi yam'mbali njinga imapendekera kumanzere. Mphepo yochokera kumanja imaikankhira pa sitandi, ndipo imalimba. Yochokera kumanzere imaidzutsa n'kuigwetsera kumanja kumene kulibe chogwira. Choncho dziwani kumene mphepo yamphamvu imakonda kuchokera pamalo anupo, muimike njinga moyang'anana nayo, kapena mbali yakumanzere ikhale chakukhoma. Isiyeni m'giya yoyamba kuti isagubuduke n'kupinda sitandi, mukhotetse mahandulo kumanzere n'kuloka. Lamba wapansi uja muzimumanga nthawi zonse, ndipo ngati nsalu ikukupizabe, onjezani chingwe chofewa chapakati, osati waya. Kukamveka kuti kukubwera chimphepo chenicheni, ine ndimati chotsani chophimbira. Njinga yovumbwa mupukuta, koma yogwa ithyoka liva, galasi, mwina thanki kuphwanyika.

Malo oimikapo ndi theka la nkhani yanu. Simunanene, koma chuku cha pampando chikundiuza kuti mwina mukuimika padothi kapena paudzu. Nthaka imatulutsa chinyezi nthawi zonse. Pasimenti kapena pamiyala yoyala ndi pabwino, makamaka potsetsereka pang'ono pomwe madzi sadikha. Ngati palibe, apa mpamene chipulasitiki chanu chipeze ntchito yatsopano: chiyaleni pansi, njinga iime pamwamba pake, chitseke chinyezi chochokera m'nthaka. Ingoonetsetsani kuti m'mphepete mwake simukutunga madzi a mvula n'kuwasunga pansi pa njinga; chiduleni chichepe kuposa chophimbira. Pansi pa sitandi ikani kathabwa kapena kachitsulo kafulati, pakuti dothi likafewa ndi mvula, kapena phula likafewa ndi dzuwa, sitandi imamira. Pansi pa mtengo pamakopa chifukwa cha mthunzi, koma ndi pomwe pamagwa zitosi, utomoni ndi nthambi, ndipo pamachedwa kuuma. Pewaninso pamene madzi a padenga amagwera.

Ngati chophimbira chenicheni simungachipeze msanga, chipulasitiki chingagwirebe ntchito mukachisandutsa denga. Chimangeni pamitengo kapena pakhoma, chikhale pamwamba pa njinga osaikhudza, chopendekera kuti madzi azitsika, m'mbali motseguka. Kunena zoona, kadenga kotere, kaya ka malata, kamaposa chophimbira chilichonse pa nkhani ya chinyezi, ndipo kuphatikiza ziwirizi ndiye kwabwino koposa.

Za akuba ndinene mwachidule. Chophimbira si loko, koma chimabisa mtundu wa njinga, ndipo wakuba amayenera kuyandikira ndi kuvundukula kuti adziwe chomwe chili m'kati, zomwe sakonda. Pachifukwa chimenechi sankhani chopanda dzina la kampani ya njinga lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Zambiri zili ndi mabowo awiri chakutayala lakutsogolo oti mudutsitsepo tcheni cha loko. Chidutse m'tayala ndi pa chinthu chozikika pansi, ndipo chophimbiracho chitetezeka nacho. Ngati mumaika loko wa pa disiki ya buleki, mangani kachingwe kokukumbutsani kufika pa handulo, poti chinthu chobisika chimaiwalika msanga.

Alendo ena ndi a miyendo inayi kapena kuposa. Pansi pa chophimbira ndi pamdima, pofunda, posagwa mvula. Amphaka amagona pampando n'kuukanda. Makoswe amamanga zisa m'bokosi la fyuluta ya mpweya ndi pansi pa mpando, ndipo amatafuna mawaya. Mavu amamata dothi m'mabowo, ngakhale m'kamwa mwa ekizosi. Njinga yoyenda tsiku ndi tsiku sizivuta, koma yokhala miyezi zimaipeza. Musasiye chakudya kapena nsanza pansi pa mpando, ndipo kumalo kumene kuli njoka kapena zinkhanira, gwedezani chophimbira musanapise dzanja.

Tifike pa ulendo wanu wa miyezi itatu. Yambani ndi dzimbiri lomwe lilipo kale, musalisiye likule. Tcheni chitsukeni ndi palafini ndi kaburashi kofewa, osati petulo, chifukwa petulo amawononga timalabala ta m'matcheni ena. Chikauma pakani mafuta a tcheni mokwanira, mukuzungulitsa tayala. Ngati pali mfundo zina zolimba zosapindika ngakhale mutathira mafuta, tchenicho chatha, konzekerani kugula china. Mabawuti apaleni ndi burashi yawaya n'kupaka girisi pang'ono. Chuku cha pampando chimachoka ndi madzi a sopo, kenaka muumitse bwinobwino. Tsukani njinga yonse, iume tsiku lathunthu, pakani polishi pa penti, ndi mafuta opyapyala pa zitsulo zopanda penti monga mapaipi onyezimira a mafoloko. Pa madisiki a mabuleki ndi pa matayala pasafike mafuta ngakhale dontho. Dzimbiri lopyapyala la padisiki lisakudetseni nkhawa, limachoka lokha mukamanga mabuleki kangapo.

Thanki mudzaze, kungosiya kampata kakang'ono koti petulo afufumire kukatentha. Thanki yachitsulo yokhala theka imachita mame m'kati mwa njira yomwe ija ndafotokoza, ndipo dzimbiri la m'thanki ndi lovuta kuposa lonse. Petulo wosakaniza ndi ethanol amakoka chinyezi kwambiri, ndiye ngati mungapeze mankhwala osungitsa petulo, thirani. Njinga ya kabuleta, tsekani kampopi ka mafuta ndipo mukhetse petulo wa m'kabuleta pomasula kasikuluu kapansi, apo ayi amauma n'kusiya zomata zotseka timabowo. Ngati oyilo wayandikira nthawi yosintha, sinthani musanachoke, pakuti wakale amakhala ndi zonyansa ndi asidi.

Batire ndi limene lidzakukhumudwitseni mukadzabwera ngati mulisiya cholumikiza. Limatha lokha pang'onopang'ono, kotentha limatha msanga, ndipo alamu kapena wotchi zimalikoka usana ndi usiku. Batire la mavoti 12 lodzaza limawerenga pafupifupi 12.6, likatsika pansi pa 12.4 n'kukhalitsa choncho, limayamba kuwonongeka kosabwerera. Chotsani waya wa negetivu choyamba, litulutseni, mulisunge m'nyumba pouma ndi pozizirirako litatchajidwa. Matayala apopeni kufika pa mpweya wolembedwa m'buku la njinga kapena kuonjezerapo pang'ono, ndipo ngati pali sitandi yapakati ndipo pansi ndi polimba ndi pafulati, igwiritseni ntchito kuti tayala lakumbuyo lipume. Pakamwa pa ekizosi tsekani ndi kapulasitiki ndi labala, ndipo mulembe kapepala kokukumbutsani mukamate pa sipidomita.

Mukasiya munthu woyang'anira, ntchito yake ikhale kuvundukula tsiku louma kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, kuyang'ana zisa ndi madzi odikha, kukankha njinga pang'ono kuti matayala asinthe pogunda pansi, n'kuphimbanso ndi kumanga lamba. Musamuuze kuti aziiliza kwa mphindi zisanu. Ambiri amaganiza kuti akuithandiza, koma lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa madzi pafupifupi lita imodzi monga nthunzi, ndipo injini ikapanda kutentha mokwanira, ena mwa madziwo amatsalira mu ekizosi ndi mu oyilo. Batirenso limataya moto wambiri poliza kuposa umene lingabweze njinga itangoima. Kaya aiyendetse kwa theka la ola, kaya asailize n'komwe.

Chophimbira nachonso chimafuna chisamaliro pang'ono. Chitsukeni pamanja ndi madzi ozizira ndi sopo wofatsa, osati m'makina ochapira, omwe amamatula tepi ya misoko ndi kuchotsa mankhwala othamangitsa madzi. Musachipinde chonyowa. Kabowo kakang'ono kamateni msanga ndi tepi yokonzera matenti mphepo isanakakulitse. Mukaona kuti chikusiya ufa woyera m'manja kapena pa thanki, kapena chikung'ambika mukangochikoka pang'ono, dzuwa lachimaliza, ndipo musachisiyire njinga miyezi itatu chili choncho.

Tsiku lobwera musafulumire kukwera. Chotsani chotsekera ekizosi, tsegulani bokosi la fyuluta ndi pansi pa mpando muone ngati mulibe zisa kapena mawaya otafunidwa, yezani mpweya wa matayala, pukutani mafuta aja pa mafoloko, tchajani batire ndipo polibwezera muyambe ndi waya wa pozitivu. Mabuleki onse awiri muwayese mukukankha njinga ndi manja, kenaka muyende pang'onopang'ono makilomita oyambirira mukuwamanga pafupipafupi mpaka madisiki ayere.